Ndalama zasonkhedwa, koma a hedi afunsa: makompyutawo ana azichita nawo chiyani?

Lachinayi madzulo

Chisale (mlembi): Akuluakulu, mwaswera bwanji nonse? Ndabwera ndi lipoti la thumba lathu la ophunzira akale. Pofika dzulo tafikitsa K6.4 miliyoni, kuphatikizapo zomwe anatumiza anzathu a ku Joni ndi ku UK. Ambuye akudalitseni. Koma pali nkhani. Mu Disembala tinagwirizana kuti tigulire sukulu yathu ya sekondale ya ku Kasungu ija makompyuta. Sabata yathayi ndinaimbira a hedi kuti ndiwauze uthenga wabwinowu, iwo anathokoza, kenako anandifunsa kuti, "Nanga makompyutawo ana azichita nawo chiyani?" Ine kukamwa kunangoti gwa. Ndiye ndati ndilitule pano funsoli tisanapatse munthu ndalama.

Fatsani: Kkkkk funso lanji limenelo? Khasu amalimira, kompyuta amaphunzirira. A hediwo akungoopa chitukuko basi.

Chisale (mlembi): Ayi achimwene, anafunsa mwaulemu ndithu. Akuti magetsi anathera pamsika paja, kusukulu sanafikebe. Aphunzitsi alipo 9, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anaphunzira za kompyuta ku koleji.

NaBanda (Leeds): Eee, mpaka pano magetsi sanafike? Ine ndinachokapo 2004 akunena kuti mapolo ali m'njira.

Che Jafali: Akadali m'njiramo, mayi. Akuyenda wapansi.

Tiyamike: Pepani akuluakulu, ndine wamng'ono pagulu pano koma ndiloleni ndinenepo, chifukwa zimenezi zandionekera ine posachedwapa. Ndinalemba MSCE pasukulu yathuyi ndipo ndinasankhidwa kupita ku yunivesite ya MUBAS. Sabata yachiwiri yokha a lekichala anatiuza kuti ntchito yawo tilembe pa kompyuta, titumize pa imelo pofika Lachisanu. Ine imelo ndinali nayo, anandipangira mnyamata wina wa pamsika pomwe ndinkafunsira malo a ku yunivesite kudzera ku bungwe la NCHE, koma pasiwedi anaisunga yekha m'mutu mwake. Kompyuta ndinali ndisanaikhudzepo chibadwire. Tsamba limodzi ndinalemba maola atatu, chala chimodzi, kusakasaka zilembo ngati ndikutola mtedza m'munda wokololedwa kale. Anzanga ochokera m'masukulu a m'tauni anamaliza n'kupita kukadya. Pomaliza ndinazimitsa osasunga, zonse n'kupita. Ndinalira, osanama. Masamu ndinkawaposa ambiri m'kalasimo, koma teremu yoyamba yonse ndinkaoneka ngati mbuli. Ndiye ine ndikuti makompyutawo agulidwe. Ang'ono anga asadzaone zomwe ndinaona ine.

Mayi a Pemphero: Pepa mwanawe. Koma unalimba mtima.

Fatsani: Mwamva? Nkhani yatha. A mlembi lembani cheke.

Mwale (Kanengo): Dikirani pang'ono a Fatsani. Ine ntchito yanga ndi yolemba anthu ntchito, ndiye ndikuuzeni zomwe ndimaona mbali inayi ya tebulo. Tikalengeza malo a kalaliki wa m'nyumba yosungira katundu, makalata amabwera mazana. Pafupifupi aliyense amalemba kuti kompyuta amaidziwa, ena amamatiranso satifiketi ya miyezi itatu. Ndiye timawakhazika pa kompyuta, kuwapatsa mndandanda wa matumba a soya olowa ndi otuluka pa sabata, n'kuwauza kuti mu Excel, pulogalamu ya pa kompyuta yowerengetsera zinthu, atiuze otsala ndi angati, ndipo oonongeka ndi angati pa 100 alionse. Apa ndiye pamagwa anthu. Ena Excel yo amaitsegula bwinobwino, kukongoletsa mizere ndi mitundu, koma sadziwa kuti agawe chiyani ndi chiyani. Vuto si kompyuta, ndi masamu a Fomu 1. Wina amatumiza imelo yopanda mutu, yopanda moni, mkati muli chithunzi cha CV chojambulidwa pamphasa, chala chake chikuoneka pakona. Munthu amene ndimamutenga ndi amene amamva funso, n'kulemba ziganizo ziwiri zomveka. Wotereyo Excel ndimamuphunzitsa ndekha sabata imodzi.

Tiyamike: Koma bambo Mwale, amene sanaikhudzepo n'komwe mumamupatsa mpata wa sabata imodziyo? Kapena amagwa tsiku la mayeso lomwelo chifukwa dzanja likunjenjemera pa mbewa ya kompyuta?

Mwale (Kanengo): Wandigwira pamenepo. Zoona, nthawi zambiri amagwa tsiku lomwelo. Ndiye zonse ziwiri n'zofunika. Chomwe ndikukana ine n'chakuti tiziganiza kuti bokosilo palokha lipereka nzeru.

Aphunzitsi a Mvula: Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Mundikhululukire, ndilemba zambiri, chifukwa zala zanga zikayamba sizidziwa kuima. Ndisanabwere kudzakuphunzitsani inu, komanso nditachoka, ndinaona masukulu angapo akulandira makompyuta kuchokera kwa anthu akufuna kwabwino. Pasukulu ina anabwera 20, akale ndithu koma oyaka. Tsiku lolandira kunali magule, mafumu anabwera, ana anaimba, zithunzi zinajambulidwa. Alendo atapita, a hedi anatseka chipindacho ndi maloko awiri, kiyi n'kuika m'thumba la jekete. Sanali munthu woipa. Ankaopa kuti kompyuta ikafa kapena ikabedwa, adzafunsidwa ndi iwowo. Ana ankaziona pawindo zitafundidwa nsalu ngati maliro. Patapita zaka ziwiri tinatsegula, tinapeza makoswe adya mawaya, fumbi la Okutobala ladzaza mkati, zoyaka zinatsala zitatu. Ophunzira a Computer Studies ankajambula kiyibodi m'kope n'kuloweza pamene pali chilembo chilichonse, chipinda cha makompyuta chili pakhomo lotsatira. Ndiye funso la a hedi anuwo musalipepuse. Munthu ameneyo waona zinthu. Walira mvula walira matope. Mukagula makina mwagulanso magetsi, mlonda, wokonza, ndi mphunzitsi amene saopa kuti mwana aononga.

Fatsani: Aphunzitsi, dzina lanu lomwe ndi Mvula, ndiye matopewo ndi ifeyo eti? Kkkk

Aphunzitsi a Mvula: Iwe Fatsani, unali matope kuyambira Fomu 2. Ndimakukumbukira bwino.

NaBanda (Leeds): Kkkkkk aphunzitsi sanasinthe!

Che Jafali: Wafunsa yekha.

Yohane (Joni): Moni nonse, ndangoweruka kumene. Ine maganizo anga ndi osiyana pang'ono. Tikamati luso lamakono tisamangoona munthu wa tayi atakhala mu ofesi. Ine ndine makaniko, manja anga ndi a girisi. Nditayamba ntchito ku Ndirande tinkamvetsera injini ndi khutu, bwana wanga ankaika sipanala pa injini mbali ina kukhutu, n'kukuuza chomwe chavuta. Galimoto za masiku ano, zomwe zikudzaza kumudziko kuchokera ku Japan kudzera pa Dar es Salaam ndi Songwe, zili ndi kompyuta mkati. Pansi pa chiwongolero pali polowetsa kamakina, timati OBD, kamakupatsa nambala ya vuto. Nambalayo uyenera kuifufuza, kuwerenga Chingerezi chake, kuona chithunzi cha mawaya, kenako kuganiza, chifukwa kamakinako kakhoza kunena kuti sensa yafa pomwe ndi waya chabe wadyedwa. Kuno ku Johannesburg galaja yopanda kamakina kameneka yatsala ya matayala basi. Zambiri ndaphunzira pa YouTube usiku, pa foni yomweyi. Kunena zoona pa ana 100 a pasukulu yathu, opita ku yunivesite ngati Tiyamike ndi angati? Ambiri adzakhala ngati ine, kapena owotcherera zitsulo, oika sola, osoka. Amenewo tikuwaganizira?

Che Jafali: Apo mwalasa, a Yohane. Ndipo ambiri koposa adzakhala ngati ine, alimi. Tisanamizane. Ine fodya ndimagulitsa ku Chinkhoma, soya ndi mtedza kwa mavenda. Mwana wanga wamkazi wa Fomu 3 chaka chatha anandikhazika pansi ndi kope, anati bambo tilembe zonse, feteleza, mbewu, aganyu, matumba, ngolo. Titawonkhetsa ndinapeza kuti ekala ya fodya yomwe ndinkanyadira inandipatsa phindu lochepa kuposa ya soya. Zaka zonsezi ndinkangoona ndalama yolowa, yotuluka ndinkaiiwala chifukwa imatuluka pang'onopang'ono. Anachita ndi kope ndi kakyuleta ya pa foni. Tsopano venda asanafike ndi sikelo yake, iye amakhala atafunsa kale pa WhatsApp mtengo wa ku Lilongwe. Ngati kompyuta iphunzitsa ana zimenezo, ndivomera. Ngati ndi zojambula maluwa, ndalama yanga mundibwezere ndikagulire mbuzi.

Madamu Gondwe: Ndilowepo, popeza ine ndimagwira nawo makinawa tsiku ndi tsiku. Ndimaphunzitsa Sitandade 2 kupulayimale, ndipo sukulu yathu ili m'gulu la zomwe zinalandira matabuleti a pulogalamu ya boma ya BEFIT, yomwe inayamba 2023. Ndi ya ana a Sitandade 1 mpaka 4, kuwerenga ndi masamu. Zomwe zili mkatimo anakonza ndi a bungwe la onebillion, ndipo zimayankhula Chichewa. Intaneti siifunika. Anaika sola padenga ndi kabati yotchajira, mwana amavala zomvetsera m'makutu n'kumayenda pa liwiro lake. Kalasi langa lili ndi ana oposa 100. Kuyambira pomwe pulayimale inakhala yaulere mu 1994 makalasi athu ndi otero, ndipo palibe mphunzitsi angafike pa mwana aliyense. Ndiye ndimaona mwana amene m'kalasi sanatsegulepo pakamwa akutsatira zilembo ndi chala, kubwereza kasanu popanda womuseka kapena kumukalipira. Zimenezo zimandikhudza. Koma ndikuuzeni chomwe chimapangitsa kuti ziyende. Si tabuletiyo. Ndi chakuti nthawi yake inalembedwa pa ndandanda ya maphunziro, pali mphunzitsi woyang'anira, tinaphunzitsidwa kaye, makolo a komiti amadziwa, ndipo ikafa pali kokanena. Chimodzi mwa zimenezi chikasowa, zibwerera ku nkhani ya aphunzitsi a Mvula ija.

NaBanda (Leeds): Nanga madamu, kulemba ndi dzanja sikukufa?

Madamu Gondwe: Kope ndi choko sitinasiye, asisi. Tabuleti ndi kanthawi kochepa patsiku. Chomwe chimandidandaulitsa ine n'china. Mwana ameneyu akafika Sitandade 5 wasiyana nayo tabuleti, maphunziro asanduka a m'Chingerezi, ndipo akabwera ku CDSS ngati yathuyi amatha Fomu 4 osakhudzanso kanthu. Tidzakhala ndi ana amene anagwira makina ali ndi zaka 7, n'kudzawagwiranso ali ndi zaka 20.

Fatsani: Koma abale, tikuchulukitsa mantha. Kwathu konkuno ku Kasungu kunatuluka William Kamkwamba. Mnyamata wa ku Wimbe, dziko lonse likumudziwa. Kunonso ndi komwe UNICEF ndi boma anatsegula malo oyesera ma drone, tindege tija topanda munthu mkati, mu 2017, ndipo mu 2020 sukulu ya ma drone inatsegulidwa ku Lilongwe. Ana athu azingoona zikuuluka pamwamba pa minda yawo?

Aphunzitsi a Mvula: Wachita bwino kumutchula, Fatsani, koma nkhani yake ikutsutsa iwe wemwe. Kamkwamba anasiya sekondale chifukwa cha fizi nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002. Kompyuta analibe. Chomwe anapeza ndi kalaibulale kakang'ono, mabuku a sayansi okhala ndi zithunzi, ndi munthu amene anamulola kubwereka. Makina ake a mphepo anapanga ndi zidutswa za njinga, chopemerera cha thirakitala ndi mitengo ya bulugamu. Intaneti anakaiona koyamba ku Arusha, ku Tanzania, mu 2007, makinawo akuzungulira kale. Chitseko chotsegula ndicho chinamuthandiza. Laibulale ija akanaitseka ndi maloko awiri, bwenzi lero palibe akumudziwa.

Tiyamike: Komatu aphunzitsi, akanakhala ndi intaneti si bwenzi atamaliza msanga?

Aphunzitsi a Mvula: Mwina, mwana wanga. Mwinanso bwenzi akuonera mpira wa ku England. Sindikudziwa. Ndagona, mawa.

Lachisanu m'mawa

Mayi a Pemphero: Mwadzuka bwanji? Usiku ndinalephera kuyankha, foni inathima. Ine ndiyankhule ngati kholo komanso ngati ejenti wa Airtel Money ndi Mpamba pamsika pathu pomwepa. Inu mukukamba za kompyuta yomwe kulibe, koma foni ili kale m'manja mwa anawa, kaya sukulu iletse kaya isaletse. Ndipo zomwe ndimaona pa kauntala panga zimandiopsa. Anyamata a yunifolomu amabwera kudzaika K500, K1,000, ndikafunsa amati ndi ya bandulo, koma ndimadziwa kuti ndi ya juga ya pa foni. Wina anadya fizi yonse teremu yatha, mayi ake anagulitsa mbuzi kawiri. Ndiye pali akuba aja otumiza uthenga kuti "ndalama ija tumizani pa nambala iyi", kapena oimba kuti atumiza ndalama molakwitsa muwabwezere. Sabata siitha osabwera munthu akulira. Ena ndi anthu ophunzira ndithu, a MSCE yawo. Atsikana nawo akunamizidwa kutumiza zithunzi, mawa lake zili pagulu lonse. Lamulo lilipo, lija la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security, koma mwana wa kumudzi amalidziwa? Ndiye musanawaphunzitse Excel, wina awaphunzitse kuti PIN sauza munthu, ngakhale wonena kuti akuimba kuchokera ku kampani.

NaBanda (Leeds): Mayi a Pemphero mwanena zomwe zinali kukhosi kwanga. Kuno ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Anthu kumudzi amaganiza kuti ndi kusambitsa ndi kudyetsa basi. Koma chilichonse chomwe ndachita, mankhwala omwe ndapereka, madzi omwe gogo wamwa, ndimalemba pa kachipangizo ka m'manja nthawi yomweyo, ndipo maphunziro obwereza chaka ndi chaka ndi a pa intaneti. Wosadziwa kulemba lipoti lomveka sakhalitsa. Koma chomwe chimandiwawa ndi mauthenga omwe ndimalandira kuchokera kumudzi. "Anti, ndapeza ejenti pa Facebook, akuti nditumize ndalama andipezera ntchito ndi viza." Mwana wa achemwali anga anagulitsa njinga yamoto chifukwa cha kalata yabodza yomwe ine nditangoiona ndinadziwa, adiresi ya imelo inali ya Gmail, dzina la kampani analilemba molakwika kawiri. Chikomekome cha mkuyu. Kudziwa kufufuza ngati chinthu chili choona, kwa ine limenelo ndiye phunziro loyamba.

Mwale (Kanengo): Ngakhale kuno, achemwali. Aliyense wokuuzani kuti mulipire kuti muitanidwe ku intavyu ndi wakuba. Ndatopa n'kuuza anthu.

Fatsani: Ndiye mukuti tiwagulire mafoni m'malo mwa makompyuta?

Mayi a Pemphero: Ayi! Mwamva mbali. Ndikuti foni ali nayo kale, chosowa ndi wowalangiza.

Madamu Gondwe: Komanso si onse ali nayo, tisaiwale. Kumbukirani 2020. Masukulu anatsekedwa pa 23 Malichi chifukwa cha Covid, mpaka Seputembala ndi Okutobala. Kunanenedwa zophunzira pa intaneti, koma kuno kwathu chomwe chinafika ndi wailesi, ndipo nayonso bambo akaitenga kupita nayo kudimba, sukulu yatha. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba zounikira magetsi zinali pafupifupi 11 pa 100 zilizonse. Mwana wa m'tauni anapitiriza, wathu anakhala miyezi isanu akuweta mbuzi, atsikana angapo sanabwererenso. Ndipo pakhomo pakakhala foni imodzi, woyamba kuigwira ndi bambo, kenako mnyamata. Mtsikana amaipeza batire itatha. Ngati tigula zinthuzi, nthawi ya atsikana ilembedwe payokha, apo ayi anyamata adzakhala kutsogolo, atsikana kumbuyo akuonerera mapewa.

Tiyamike: Zimenezo n'zoona madamu. Ngakhale ku koleji, pagulu la anthu asanu wogwira kiyibodi amakhala mnyamata, mtsikana amauzidwa kuti alembe mayina.

Yohane (Joni): Nanga za ChatGPT zi, pulogalamu ija yoyankha mafunso ngati munthu, a ku yunivesite, zikukuthandizani kapena zikukupusitsani? Mwana wa bwana wanga homuweki yonse amangofunsa kumeneko.

Tiyamike: Zonse ziwiri, achimwene. Ine imandithandiza ndikapanda kumva zomwe a lekichala ananena, ndimaifunsa kuti indifotokozere pang'onopang'ono, kanayi kasanu, siitopa. Koma imanamanso molimba mtima. Tsiku lina inandipatsa yankho la masamu lolakwika, ndinaligwira chifukwa njira yake ndinkaidziwa kale. Mnzanga amene anangokopera analephera. Ukaifunsa za kwathu kuno, kapena m'Chichewa, ndiye imaphonya kwambiri, imatha kukupangira mwambi womwe agogo ako sanaumvepo.

Aphunzitsi a Mvula: Mwadzuka bwanji ana anga. Tiyamike wanena chinthu chachikulu mosazindikira. Anagwira bodza la makina chifukwa masamu anali kale m'mutu mwake. Kale tinkakangana chimodzimodzi za kakyuleta. Mwana wodziwa kuti 48 kuchulukitsa ndi 21 ziyenera kukhala pafupi ndi 1,000, akadina molakwika n'kuona 10,000 amadabwa. Wosadziwa amalemba n'kujambula mzere pansi monyadira. Sindikudana ndi makina, musandimve molakwa. Penshoni yanga ndimaionera pa foni, ndipo adzukulu anga a ku Mzuzu ndimawaona nkhope Lamulungu lililonse. Ndikungoti pa K6.4 miliyoni imeneyi, gawo lina lipite kwa munthu, lisathere pa zitsulo.

Chisale (mlembi): Ndikuyesa kusonkhanitsa zomwe zanenedwa, mundikonze ndikaphonya. Zikuoneka kuti makompyuta 20 a pa tebulo aja tinkalota sangatheke, chifukwa amadya magetsi ambiri ndipo magetsiwo palibe. Komanso kuyambira pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera, ndalama yathuyi si yaikulu monga ikumvekera.

Yohane (Joni): Yambani ndi sola, mabatire ndi inivetala zabwino, osati za pamsika zongolembedwa mawati abodza. Kenako malaputopu ogwiritsidwapo kale ntchito, amadya moto pang'ono ndipo ali ndi batire yawoyawo. Kuno amapezeka ambiri ochokera m'maofesi. Ndikhoza kuwayesa ndekha limodzilimodzi ndisanatumize pa basi. Koma za msonkho wa pa Mwanza kapena Dedza wina afufuze, ine za mapepala sindizitha.

Mwale (Kanengo): Za msonkho ndifunsa kwa amene amatitulutsira katundu kuntchito. Tichite zolongosoka, zisakagwidwe pa chipata.

Tiyamike: Pa nkhani ya intaneti, tisadandaule kwambiri ndi bandulo ya mwezi ndi mwezi. Pali Kiwix, imasunga Wikipedia yonse pa kompyuta n'kumawerenga popanda netiweki. Palinso Kolibri, momwe mumalowa mavidiyo a masamu ndi sayansi a Khan Academy. Zonsezi n'zaulere. Ndikhoza kukopera kuno ku koleji n'kubwera nazo pa holide. Vuto lake n'lakuti zambiri ndi za Chingerezi cha ku America, chothamanga, ndiye mphunzitsi azikhala pafupi. Bandulo ingamagulidwe nthawi yofunsira malo ku NCHE ndi ngongole ya ophunzira ya ku bungwe la HESLGB, kuti ana asamakalipirenso anyamata a pamsika n'kusiya mapasiwedi awo kumeneko ngati ine.

Fatsani: Ndiye malaputopu angati? Musandiuze kuti asanu. Ana 300 pa malaputopu asanu, aliyense adzagwira kamodzi pa teremu ngati mgonero.

Che Jafali: Kkkk koma Fatsani. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Asanu oyaka aposa 20 ofundidwa nsalu.

Fatsani: Ayi madala, pamenepa sindikuseka. Tikachepetsa kwambiri, adzagwiritsa ntchito ndi aphunzitsi okha polemba mayeso, ana osaona kanthu. Ndinaziona kwina. Laputopu ya sukulu imagona kunyumba kwa a depyute, ana awo akuonerapo makatuni.

Madamu Gondwe: Apa Fatsani wanena zoona, ngakhale zikuwawa kumva ife aphunzitsi.

NaBanda (Leeds): Ndiye tiike malamulo polemba, tisanapereke. Ine ndionjezera ndalama ya malaputopu awiri pandekha, koma pakhale buku lolembamo mwana aliyense amene wagwiritsa ntchito, tsiku ndi nthawi, ndipo chithunzi cha bukulo chizibwera pagulu pano mwezi uliwonse.

Mwale (Kanengo): Ndipo tiyankhe funso la a hedi lija mwachindunji, chifukwa mpaka pano tikulizungulira. Ine ndikuti mwana aliyense wotuluka Fomu 4 akhale ndi imelo yake yomwe pasiwedi akuidziwa yekha, atalembapo kalata yofunsira ntchito ndi CV n'kuzitumiza kwa ine, ndiziwayankha ngati mmene ndimayankhira anthu enieni. Zowerengera zikhale za zinthu zoona. Atenge kope la mwana wa Che Jafali lija aliike mu Excel. Awerengere ndalama za chigayo, za kalabu ya mpira, za munda wa sukulu. Ndikabwera pa Khirisimasi ndidzawachititsa intavyu yoyeserera.

Che Jafali: Kope langa lisatuluke ndi dzina langa chonde, anthu angadziwe kuti fodya akundidya.

Mayi a Pemphero: Ine Loweruka limodzi pa mwezi ndikhoza kupita kukawaonetsa mauthenga a akuba omwe ndimasunga. Ndili nawo ambiri, ena oseketsa.

Yohane (Joni): Woika solayo asabwere yekha n'kumapita. Agwire ntchitoyo ana a Fomu 3 ndi 4 akuona, awaonetse kulumikiza, kuyeza batire, kupukuta mapanelo. Pezani amene anadutsa ku TEVETA, wa mapepala ake. Mwa anawo mudzatuluka awiri atatu odzadya nalo luso limenelo, midzi yonseyi ikugula sola masiku ano ndipo okonza ndi ochepa.

Aphunzitsi a Mvula: Zonsezi n'zabwino. Koma mphunzitsi wake ndani? Mwamutchula? Musasankhe inu muli ku Lilongwe ndi ku Leeds. Afunseni a hedi kuti mwa 9 aja ndani ali ndi chidwi, ndipo akhale awiri, chifukwa mmodzi boma likhoza kumusamutsa mawa, kapena iye mwini akadziwa kompyuta adzapeza ntchito m'tauni. Zimachitika. Mmodzi akhale wamkazi ngati alipo.

Chisale (mlembi): Alipo awiri aakazi, aphunzitsi. Ndiwafunsa a hedi lero lomwe. MACRA nayonso ili ndi ntchito yoika makompyuta m'masukulu kudzera ku thumba lawo la Universal Service Fund, ndiye ndiwapempha a hedi alembe kalata kudzera ku ofesi ya maphunziro, mwina tingakhale ndi mwayi. Koma tisadikire zimenezo.

Fatsani: Nanga kiyi azisunga ndani? Chifukwa nkhani yonse ya aphunzitsi a Mvula inathera m'thumba la jekete.

Madamu Gondwe: Makiyi atatu. A hedi, mphunzitsi woyang'anira, ndi wapampando wa komiti ya makolo. Ndipo tiwauze a hedi poyera kuti laputopu ikafa mwana akuphunzira, sitidzawaimba mlandu. Tipatule ndalama yokonzera kuyambira pano.

Fatsani: Ine ndikadali pa malaputopu 12. Osachepera apo.

Yohane (Joni): Tiona mitengo kaye achimwene, sola ikadya zake.

Chisale (mlembi): Chabwino. Loweruka likudzali ndikwera ya m'mawa kupita ku Kasungu, ndikaone chipinda chomwe a hedi akunena, chija chinali sitolo ya mabuku. Akuti denga likudontha pakona ndipo mawindo alibe zitsulo. Amene muli pafupi tikumane pasukulu 10 koloko. A Yohane tumizani mitengo isanafike Lachitatu, a Mwale za msonkho, Tiyamike ulembe zomwe ukufunika kuti ukopere zija.

Mayi a Pemphero: Ndidzabwera, koma 11, m'mawa kumakhala makasitomala.

Aphunzitsi a Mvula: Wina adzanditenge pa njinga yamoto, mawondo anakana kale. Ndikufuna ndikaone ngati bolodi langa lija likadalipo.

Che Jafali: Ndidzakutengani ndine, aphunzitsi. Mchenga wokonzera pansi ndibweretsa pa ngolo. Simenti musandiyang'ane.